Masewera a pa Kompyuta Amene Amamva Mau a Munthu

Lero tikambirana za masewera a pa kompyuta amene munthu amawalamulira ndi pakamwa.

Nonsenu mumadziwa masanje. Wina amakhala tate, wina mai, wina fisi. Alipo masewera a pa kompyuta ofanana ndi masanje, pamene wosewera amasanduka msilikali kapena mlenje wa m'nthano, nayendayenda m'dziko lopeka. Koma pa masanje mwana amalankhula, pamene pa kompyuta amangodina mabatani. Akatswiri anaona kuti munthu akaitana ndi liu lake, mnzake wa m'seweromo n'kutembenuka, amamva ngati walowadi m'nthanoyo.

Nzeru imeneyi inayamba pang'onopang'ono. M'caka ca 1952, a Bell Laboratories ku America anapanga makina ochedwa Audrey, amene ankangomva manambala kuyambira 0 mpaka 9. Mu 1998, a Nintendo ku Japan anatulutsa sewero la Hey You, Pikachu!, pamene mwana ankalankhula ndi kanyama kudzera pa maikolofoni. Mu 2012, eni ake a sewero la Skyrim anaonjezamo malamulo a pakamwa oposa 200, omvedwa ndi cipangizo ca Kinect. Wosewera ankatha kufuula m'cilankhulo copeka ca zinjoka, mdani n'kugwa.

Kodi makina amamva bwanji? Maikolofoni amasandutsa liu kukhala mphamvu ya magetsi. Kompyuta imaduladula liulo m'tizigawo ting'onoting'ono, n'kutilemba ngati manambala. Kenaka imayerekeza manambalawo ndi mau a anthu ambiri amene inaphunzitsidwa kale, n'kusankha mau ofanana nawo kwambiri. N'cifukwa cake phokoso, monga la mabasi pa Kulima Tower, limaisokoneza. Ndiponso cilankhulo cimene sinaphunzitsidwe imangocimva ngati mphepo.

Apa ndiye pagona nkhani, ana inu. Sewero la Skyrim linkamva cilankhulo ca zinjoka zimene kulibe, koma silinkamva Cinyanja cimene timalankhula pa msika ndi kunyumba. Mwana angaganize kuti cilankhulo ca makolo ake n'coperewera. Iai, si conco. Makina amadziwa cokhaco cimene anthu awapatsa. Cingelezi cinajambulidwa kwa maola osawerengeka, pamene zilankhulo zathu zinajambulidwa pang'ono cabe.

Anthu athu ayamba kukonza zimenezi. Mu 2023, akatswiri a pa University of Zambia, pa mseu wa Great East wopita ku Chelstone, pamodzi ndi anzao, anafalitsa nchito yochedwa Zambezi Voice. Anasonkhanitsa mau ojambulidwa a Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi kuti makompyuta aphunzirepo. Phindu lake silithera pa masewera. Mwana wolumala manja angalamulire makina ndi pakamwa, ndipo agogo osadziwa kulemba angatumize uthenga m'cilankhulo cao.

Cenjezo ndi ili: maikolofoni ena amatumiza mau anu kutali pa intaneti. Musachule dzina lanu, sukulu yanu kapena kumene mukhala posewera ndi anthu osawadziwa, ndipo muziyamba mwapempha makolo.

Aphunzitsi, phunziro likatha, sankhani mwana mmodzi akhale kompyuta. Lembani pa bolodi malamulo 5 okha: pita, ima, tembenuka, tola, khala. Anzake azimlamula mmodzimmodzi. Akamva mau amene sali pa bolodi, kapena onenedwa mosamveka, asasunthe. Pambuyo pake kalasi lonse liombe m'manja pamene wina alamula, ndipo ana afotokoze okha cimene cacitika. Potsiriza ayankhe m'mabuku mwao funso ili: kodi tingacite ciani kuti kompyuta imve Cinyanja?