Malipiro a Anthu Oyeza Zoopsa za Cuma



Lero tikambirana za nchito imene ambiri a ife sitinaione ndi maso, koma ana athu ena ayamba kuigwira ku Blantyre, ku Lilongwe, ngakhale kunja kwa dziko lino. Iyi ndi nchito yoyeza zoopsa za cuma. Mbiri yafika m'midzi kuti ndiyo nchito ya malipiro akuru, ndipo mbiriyo imadzetsa kusamvana m'mabanja. Makolo amati, mwana wathu watiiwala. Mwana amati, ndarama sizikukwana. Nkhani zotere zimathera pa bwalo panu, inu mafumu, cifukwa cace nkwabwino kuti mudziwe m'mene zinthu ziriri.

Poyamba tifotokoze nchitoyo. Mlimi wanzeru sabzala cimanga cokha. Amabzalanso cinangwa, mbatata ndi nandolo, pakuti adziwa kuti tsoka silinunkha. Mbeu imodzi ikakanika, inzace idzapulumutsa banja. Pocita izi mlimiyo ali kuyeza zoopsa. Tsono banki nayo imafuna munthu wa nzeru zomwezo. Ikamakongoza alimi ndarama za mbeu ndi feteleza, imafuna wina woiuza kuti ndi angati amene adzalephera kubweza ngongole mvula ikadula. Kampani ya inshuwaransi imafuna kudziwa kuti itolere zingati kwa munthu ali yense kuti zikwanire kulipira iwo amene nyumba zao zapsa. Osunga ndarama za penshoni amafuna kudziwa kuti anthu opuma pa nchito adzakhala ndi moyo zaka zingati. Amene amawerengera zonsezi ndiwo tikuwanena. M'Cingerezi dzina lao ndi actuary, ena risk manager.

Nanga n'cifukwa ciani amalipidwa bwino kuposa makalaliki ena? Coyamba, ndi ocepa. Maphunziro ao ndi a masamu obvuta, ndipo akatsiriza ku yunivesite amalembabe mayeso ena kwa zaka zambiri, usana ali pa nchito, usiku ali pa buku. Ena mwa mayesowo amakonzedwa ndi mabungwe a kunja, monga Institute and Faculty of Actuaries ya ku Britain, ndipo amalipiridwa ndi ndarama za komweko.

Caciwiri, iwowa akaphonya pang'ono pokha, obvutika ndi anthu ambiri. Citsanzo cace tiri naco m'dziko mwathu muno. Pa nyengo ya ulimi ya 2015 mpaka 2016 Boma la Malawi linagula inshuwaransi ya cilala ku bungwe la African Risk Capacity, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 4.7 miliyoni. Cilala cinadzadi, ndipo anthu okwana 6.5 miliyoni anasowa cakudya. Koma masamu a bungwelo poyamba anaonetsa kuti obvutika ndi ocepa, kotero kuti panalibe colipira. Atafufuza bwino anapeza pamene panalakwika. Owerengera anaganiza kuti alimi anabzala cimanga cocedwa kuca, pamene ambiri anabzala cofulumira, cimene dzuwa linacipeza pa nthawi yoipa. Atawerengeranso, bungwelo linapereka madola 8.1 miliyoni, koma ndaramazo zinafika mu January 2017, njala itapweteka kale anthu. Mwaona tsono kuti funso limodzi limene mlimi ali yense akanayankha, lakuti munabzala mbeu yanji, linacedwetsa thandizo miyezi yambiri. Munthu amene saphonya zotere, mabanki ndi makampani amalimbirana, ndiye cifukwa cace malipiro ace amakwera.

Tsopano tione malipirowo. Makolo athu anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndarama zolembedwa pa kalata ya nchito ndi fodya wa pacala. Tiyerekeze, mongopereka citsanzo, kuti mnyamata wina amalandira K1,000,000 pa mwezi. Potsata malamulo a msonkho a m'caka ca 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 pa 100 iri yonse, ndipo yotsalayo 30 pa 100 iri yonse. Msonkho wonse unali K237,500. Lamulo la penshoni limatenganso 5 pa 100 iri yonse, ndiyo K50,000. Asanagule ngakhale mcere, mnyamatayo watsala ndi K712,500.

Apa ndi pamene moyo wa m'tauni umayambira kumudya. Inu kumudzi mumagona m'nyumba yanu-yanu. Iye amalipira lendi mwezi ndi mwezi. Inu mumatunga madzi pa mjigo. Iye amalipira madzi ndi magetsi. Nkhuni mumatola, ndiwo mumathyola ku dimba, ufa mumatapa m'nkhokwe. Iye zonsezi amagula, kuonjezapo ulendo wa ku nchito, zobvala zoyenera mu ofesi, fizi ya ana ndi ndarama za mayeso aja.

Palinso cina coposa izi, ndico kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mu May 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Nthawi yaciwiriyi dola imodzi, imene inali pafupi-fupi K1,180, inafika pa K1,700. Cinthu ciri conse cocokera kunja, monga mafuta a galimoto, mankhwala, feteleza ndi mayeso a ku Britain aja, cinayamba kufuna Kwacha zambiri, pamene malipiro sanakwere tsiku lomwelo.

Kuti timvane bwino, tiyeze ndi muyeso umene tonse tiudziwa, ndiwo thumba la cimanga la makilogalamu 50. Mtengo wotsikitsitsa umene Boma linalengeza wogulira cimanga kwa mlimi unali K220 pa kilogalamu m'caka ca 2022, ndiye kuti thumba K11,000. M'caka ca 2025 unali K1,050 pa kilogalamu, thumba K52,500. Tsono K1,000,000 imene ikanagula matumba 90 m'caka ca 2022, m'caka ca 2025 ikanagula matumba 19 okha. Munthu amene malipiro ace anawirikiza kawiri pa zaka zitatuzo anaoneka ngati walemera, koma poyeza ndi cimanga anali atabwerera m'mbuyo. Inu alimi mukudziwa zimenezi, pakuti cimanga canu cinakwera mtengo koma feteleza nayenso anakwera.

Ena adzati, nanga amene ali ku London kapena ku Johannesburg? Nzoona kuti malipiro ao mukawasintha kukhala Kwacha amaoneka ngati phiri. Koma munthuyo sadyera ku Malawi. Lendi amalipira ya komweko, cakudya amagula ca komweko, ndipo ku London amalipiranso moto wotenthetsa nyumba miyezi yozizira. Walira mvula walira matope. Cofunika kufunsa sindico kuti amalandira zingati, koma kuti mwezi ukatha amatsala ndi zingati.

Potsiriza ndiri ndi mau atatu.

Kwa inu makolo amene mwana wanu amakhoza masamu: mulimbikitseni, pakuti nchitoyi ndi yabwino ndipo dziko likusowa anthu otere. Koma dziwani kuti njira yace ndi yaitali. Musagulitse ng'ombe zonse kapena munda poyembekeza kuti caka camawa adzabweza. Sungani cimene cidzakudyetsani ngati iye acedwa kukhoza mayeso.

Kwa inu amene mwana wanu ali kale pa nchito: khalani naye pansi, mugwirizane cinthu cimodzi cimene angathe kucita caka ndi caka, kaya ndi matumba awiri a feteleza, kaya ndi fizi ya mng'ono wace. Cogwirizana cotere cimathandiza kuposa makalata ndi mafoni a sabata ndi sabata, amene amamkankhira ku katapila. Ndipo inu ana amene muli m'tauni, musabise. Auzeni makolo zoona za lendi ndi msonkho, ndipo cimene mwalonjeza citani.

Kwa inu mafumu: mlandu wotere ukafika pa bwalo, musaweruze potengera mphekesera za malipiro. Funsani zimene zimatsala m'manja. Ndiponso akabwera m'mudzi mwanu anthu a ngongole kapena a inshuwaransi ya mbeu, afunseni kuti mvula amayezera kuti, ndi kuti masamu ao anawerengera mbeu yanji. Auzeni zoona za minda yanu, pakuti iwo adziwa masamu, koma munda mumaudziwa ndinu.