Kulira Pamaso pa Mulungu Nakonso ndi Pemphero

Tikudziwa ena mwachokera ku ntchito, ena mwatseka geni msanga, ena mwasiya ana kwa aneba. Zikomo kwambiri. Lero tikufuna tikambirane funso limene ambiri timalisunga mumtima: munthu amapita bwanji kwa Mulungu pamene mtima wasweka?

Tiyambire ku Chilobwe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba anthu ali mkati. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunalinso chimodzimodzi. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira maliro dziko lonse. Ena mwa ife tinagona m'makalasi a sukulu omwe anasanduka makampu. Ena tinkapita kukasiya ufa ndi zitenje. Tinaona amayi amene analibe ngakhale mtembo woti akaike m'manda. Madzulo kukada, amayi omwewo ankayamba nyimbo ya kutchalitchi, misozi ili mbwembwembwe. Sanadikire kuti mtima ukhale kaye pansi. Anapita kwa Mulungu mmene analilimo.

Ife ndiye tinaphunzira pamenepo. Pajatu ambiri tinakula tikumva kuti mkazi wopemphera salira kwambiri. Ukangoyamba kusisima pamaliro, wina wafika kale: "Limba mtima, n'chifuniro cha Mulungu." Ukafunsa kuti chifukwa chiyani, akuti ukuchimwa. Tikudziwa amanena chifukwa cha chikondi, koma zotsatira zake n'zoti timameza ululu, timaika ka vesi pa status ya WhatsApp, usiku n'kumalira tokha mu pilo. Kenako timasiya kupemphera kumene, poganiza kuti Mulungu amafuna anthu oyera m'maso okhaokha.

Tiyeni titsegule Baibulo lomwelo tione akazi ali mmenemo. Hana anapita ku Silo ndi ululu wosowa mwana, mkazi mnzake akumunyoza chaka ndi chaka. Anapemphera milomo ikungogwedera, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anaganiza kuti waledzera. Hana sanachite manyazi n'kuthawa. Anamuuza wansembeyo kuti akulakwitsa, ndipo nkhani yake ili pa 1 Samueli 1. Naomi anaika m'manda mwamuna wake ndi ana ake aamuna awiri ku Moabu. Atabwerera ku Betelehemu anauza akazi anzake kuti asiye kumutchula dzina lake, azimutchula Mara, kutanthauza kuwawa, ndipo ananena poyera kuti Mulungu wamuchitira zowawa. Marita ndi Mariya, mlongo wawo Lazaro atamwalira, anamuuza Yesu maso ndi maso kuti wachedwa. Yesu sanawakalipire. Anapita nawo kumanda, nayenso analira. M'Baibulo mulinso buku lathunthu lotchedwa Maliro. Asisi athu achisilamu, inunso mukudziwa kuti Yaqub analira mwana wake Yusuf mpaka maso anayera, ndipo Mtumiki Muhammad anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim atamwalira. Ndiye amene anatiuza kuti misozi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro anazitenga kuti?

Pali maliro ena amene sitipatsidwa n'komwe mpata wowalira. Mimba ikapita padera, kapena mwana akabadwa atamwalira kale, mwambo wa m'madera ambiri umati nthayo amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira. Mtsikana amatuluka m'chipatala manja ali lende, mawa lake akumuuza kuti "ukadali mwana, ubereka wina." Mu holo muno alipo amene anadutsa mmenemo ndipo sanauzepo munthu. Asisi, mwana ameneyo munamunyamula, mwina munali mutamusankhira kale dzina. Muli ndi ufulu womulira, ndipo mukhoza kumutchula m'pemphero lanu.

Palinso mawu awa akuti "ingosiyira Mulungu." Mawu abwino ndithu, koma tiyang'anitsitse amene akuwanena ndi nthawi imene akuwanenera. Mwamuna wamwalira, manda asanaume achibale afika kudzanyamula firiji, mipando ndi mapepala a nyumba, ndiye akuuza namfedwa kuti asiyire Mulungu. Ayi. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye m'dziko muno limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo ku Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Pa Luka 18, pamene Yesu ankaphunzitsa za kupemphera kosaleka, chitsanzo chake chinali mkazi wamasiye amene anapita kwa woweruza mobwerezabwereza mpaka anamuweruzira mlandu wake. Mukhoza kugwada m'mawa, masana n'kukadandaula ku ofesi. Zonse ziwiri zikuchokera mu mtima umodzi.

N'chimodzimodzi ndi thanzi lathu. Ngati papita miyezi simukugona, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzichotsera moyo, chonde uzani munthu lero lomwe. Pitani ku chipatala cha boma chapafupi, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kumene kuli aphungu a za maganizo. Malungo akatigwira timapemphera komanso timamwa LA, ndipo palibe amene amati tachimwa. Mtima nawo ukadwala umafunika chithandizo.

Nanga ngati mawu opempherera akusowa? Zimachitika, ifenso zinatichitikira. Pali masiku amene pemphero lathu lonse linali "Ambuye, zikundiwawa," basi. Pali masiku amene tinangokhala pa benchi lakumbuyo, anthu akuimba, ife pakamwa pali gwa. Masiku ngati amenewo timanyamulidwa ndi mapemphero a anzathu. Taonani amayi a Mvano, a Dorika, amayi achikatolika ndi a Dawa. Pamaliro amafika ndi nkhuni ndi ndowa, amakhala m'nyumba ya siwa ndi namfedwa, amaimba usiku wonse mpaka kucha. Ife a m'tauni nthawi zina timangotumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kulemba RIP pa Facebook. Ndalamayo imathandiza, tisaleke. Koma munthu amafunanso phewa lotsamira.

Tikapita kwa mnzathu woferedwa, tikumbukire anzake a Yobu. Anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula kanthu, ndipo pamenepo anachita bwino. Analakwitsa atayamba kumufotokozera chifukwa chimene Mulungu wamulangira. Ifenso tisamathamangire kuyankhira Mulungu. Tikhale naye mnzathuyo, timutsukire mbale, timutengere ana kusukulu. Ndipo tidzapitenso pakatha mwezi, pamene matenti achotsedwa, achibale abwerera kumudzi, foni yasiya kulira. Nthawi imeneyo ndi imene nyumba imakula kwambiri.

Sitikulonjezani kuti mukapemphera ululu utha mawa. Ena mwa ife papita zaka, koma tikamva nyimbo imene inaimbidwa poika mayi athu, mawondo amafookabe. Chimene tachiona n'chakuti tikapita kwa Mulungu osabisa kanthu, ndi mkwiyo wathu, ndi mafunso athu, timadzuka tili ndi kamphamvu kokwanira tsiku limenelo. Mawa timapitanso.

Tisanamwe tiyi, tikupempha tikhale chete kwa mphindi imodzi. Aliyense atchule mumtima dzina la amene anamutaya. Amene akufuna kulira alire, pano palibe amene amuletse. Amene muli naye pafupi, mugwireni dzanja.