Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Zaluso ku Chipata

 Lero tiona magule, zisudzo, zosema ndi zojambula, timva ndakatulo, tiwomba m'manja. Ine ndikufuna kulankhula za mbali ya ntchitoyi imene siilandira m'manja chifukwa siioneka: miyezi ija waluso amakhala akumvetsera, akuyesa, akufufuta, nayambiranso. Luso limakhwima m'miyezi imeneyo, ndipo ngati Chipata ikufuna akatswiri akeake, iyenera kuika chuma chake pamenepo.

Ntchito yaluso imayamba ndi khutu. Akuluakulu ambiri muno mukukumbukira Julius Chongo ndi pologalamu yake ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya dziko lino. Nthano zambiri zimene ankafotokoza zinali zodziwika kale m'midzi, koma iye ankazimanganso, kuziveka mvekero ndi nyimbo, nkumasintha mawu yekha kuti akhale mfumu, nkhalamba, mwana kapena chilombo, mpaka mabanja ankazungulira wailesi. Ernst Wendland adazilemba ndi kuzisanthula nthanozi, ndipo lero zikuwerengedwa m'mabuku. Kutsidya la nyanja, m'maiko olankhula Chisipanishi, njira yake ndi yomweyi. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1982, adaleredwa ndi agogo ake m'tauni yaing'ono ya Aracataca, ndipo ankanena poyera kuti kafotokozedwe kake adakatenga kwa agogo ake aakazi, amene ankasimba za mizimu ndi zodabwitsa nkhope ili phee, ngati akunena za mvula ya dzulo. Ku Spain, Federico García Lorca ankasonkhanitsa nyimbo za anthu wamba a ku Andalucía, ndipo kuyambira 1932 ankayenda m'midzi ndi gulu la ophunzira lotchedwa La Barraca kukachita zisudzo pabwalo. Anthuwa sadatole nkhani zao kumwamba. Adazimva kwa azigogo ndi kwa anthu a kumudzi, monga momwe mwana wa kwa Mpezeni kapena wa ku Katete angazimvere madzulo ano.

Koma kumva kokha sikubala buku, chifukwa tonse tidamva nthano ndipo si tonse tidalemba. Chotsatira ndi thukuta. García Márquez adayenda ndi nkhani ya banja lake m'mutu zaka zambiri, adayesapo kuilemba ali mnyamata nkuisiya. Atapeza kafotokozedwe koyenera, adadzitsekera m'chipinda ku Mexico City kwa miyezi pafupifupi 18, mkazi wake Mercedes Barcha akukongola nyama, akupempha mwini nyumba kuti adikire lendi, akupinyolitsa katundu wa m'nyumba. Buku lake la Cien años de soledad lidatuluka mu 1967 ku Buenos Aires. Wojambula Pablo Picasso nayenso, atamva kuti ndege zaphulitsa tauni ya Guernica pa 26 Epulo 1937, adajambula zoyeserera zoposa 40 za chithunzi chachikulu cha tsokalo, akusuntha ng'ombe, kavalo ndi mayi wonyamula mwana wakufa kufikira chilichonse chitapeza malo ake. Zoyesererazo zikusungidwa ku Madrid pamodzi ndi chithunzi chachikulucho, ndipo amene amaziona amamvetsa kuti mmisiri wamkulu ngati iye ankafufutanso. Onaninso kuti m'nkhani ziwirizi mudali wina amene adasenza mtolo wa nthawi yokonzekera: uku mkazi wopirira, uku boma la Spain limene lidaitanitsa chithunzicho kuti chikaonetsedwe ku Paris.

Ena anena kuti luso ndi mphatso yobadwa nayo, wopanda mphatso ngakhale umuphunzitse zaka khumi sadzaimba. Mphatso iliko, sindikutsutsa. Koma funsani aliyense wovina ingoma ku Mtenguleni pa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, akuuzani kuti kuponda pansi nthawi imodzi kwa amuna ambirimbiri kumachokera m'madzulo osawerengeka oyeserera kumudzi. Woimba ng'oma ya mbalule sadayambe tsiku la Kulamba ku Mkaika. Amayi a chimtali amapeka nyimbo, kuiyesa, kutaya mawu osakoma, kenaka nkuitulutsa pabwalo. Mphatso ili ngati mbewu ya mtedza: ikhale yabwino chotani, m'munda wosapalira siidzaza nkhokwe.

Pali mawu ena olemera kuposa awa, ndipo ndikuwalandira mwaulemu pamaso pa mafumu. Akuti mwambo ndi wa makolo, wachinyamata akayamba kupekapo zake awononga. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, pakuti taona magule akuvinidwa mwachibwana pofuna ndalama za alendo, ndipo za kudambwe zili ndi eni ake, sizolowerera aliyense. Komabe tiyang'ane zimene zimaoneka pabwalo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ali ndi zilombo monga Maliya ndi Simoni, zimene zidatuluka amishoni ndi azungu atafika, ndiponso zilombo zooneka ngati galimoto. Makolo athu ankaona zatsopano nkuziyankha ndi luso. Choncho kupeka ndi mwambo wathu womwewo. Chimene chimawononga ndi kupeka kwa munthu amene sadakhale pansi kumva kwa akulu, wongotola kavinidwe pa foni nkuthamangira nako pabwalo. Mankhwala ake ndi omwe ndikunenawa: nthawi yokwanira yophunzira pamapazi pa odziwa.

Nanga ndalama, poti zipatala ndi misewu nazo zikudikira? Zimene ndikupempha sizodula. Masukulu athu ali ndi zipinda zimene zimakhala zotseka madzulo ndi patchuthi; zitsegulidwe kuti magulu a zisudzo ndi oimba aziyesereramo. Amalonda a m'tauni muno, mukamathandiza chionetsero, gawo lina la thandizolo lipite ku miyezi yokonzekera, kugulira mapepala, utoto, zikopa za ng'oma ndi chakudya cha oyeserera, pakuti tenti ndi mipando ya tsiku limodzi sizikulitsa waluso. Nyumba za wailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria zipatse mpata olemba achinyamata kuwerenga nthano zao, amve okha pamene omvera agwidwa mtima ndi pamene atopa. Ophunzira a ku Chipata College of Education atumidwe m'midzi kukajambula mawu a nkhalamba zodziwa nthano ndi nyimbo, mafumu atavomereza, ndipo nkhalambazo zilandire kangachepe chifukwa ndi aphunzitsi. Bungwe la National Arts Council nalo tilikumbutse kuti aluso sali ku Lusaka kokha. Ndipo inu aphunzitsi, mwana akabweretsa ndakatulo, musangoika chizindikiro chakuti wakhoza. Mubwezereni akalembenso kachiwiri ndi kachitatu, musunge zonsezo, aone yekha mtunda umene wayenda.

Wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo, aluso athu adikira mokwanira ndipo ng'oma zawambidwa kale. Ndi chilolezo chanu, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.