Kumatula Masitika pa Magalasi ndi pa Zikwangwani Popanda Kuwononga



Chisankho cha pa 16 September 2025 chinadutsa, koma masitika a kampeni akadali pa mawindo a magolosale, pa zitseko za mashopu a mumsika, ngakhale pa zikwangwani za mijigo ndi sukulu. Ena ndi a malonda amene anatha kalekale: munthu wachita lendi shopu kuti azigulitsa ufa, pomwe galasi likulengezabe saluni ya amene anatulukamo. Ambiri mwa inu mwayamba kale kuchotsa, ndipo tikuyamika. Chotidandaulitsa n'chakuti ena akupala ndi mpeni kapena chikwanje. Sitika ikuchoka, koma ikuchoka pamodzi ndi penti, mvula ikagwa dzimbiri n'kulowa. Chikwangwani chikatere timagula china, ndi ndalama zomwe zikanagula simenti.

Masitika ambiri a masiku ano si apepala. Ndi a pulasitiki yotchedwa vinyl, ndipo kumbuyo kwake kuli guluu amene amalimba kukazizira, n'kufewa kukatentha. Ntchito yonse yagona pamenepo. Amisiri olemba zikwangwani amatenthetsa ndi makina ouzira mpweya wotentha, koma chowumitsira tsitsi cha ku saluni chimakwanira. Chiyendetseni uku ndi uku, osachiimika malo amodzi, mpaka sitikayo itafunda. Kumene kulibe magetsi, dzuwa la masana limagwira ntchito yomweyo; musayambe m'mamawa chitsulo chikadali chozizira. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imathandizanso. Ndati ofunda. Madzi owira mukawathira pa galasi lozizira, galasilo likhoza kung'aluka.

Ikafunda, tukulani ngodya imodzi ndi chikhadabo kapena ndi khadi yakale ya ku banki. Kokani pang'onopang'ono, mukupinda sitikayo chakumbuyo, dzanja lili pafupi ndi galasi. Mukakoka mwamphamvu imaduka, guluu n'kutsala. Ikayamba kukana, ndiye kuti yazizira, tenthetsaninso. Sitika imene yakhala padzuwa zaka zambiri imachoka tizidutswatizidutswa ngati chikamba cha nsima, ndipo palibe chidule. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono musanagwire chida chilichonse, yambani mwadziwa chimene sitikayo yamatidwapo, pakuti ambiri timalakwitsa apa. Pa galasi lenileni lezala yatsopano ndi yololedwa, bola muyambe mwanyowetsa ndi madzi a sopo, lezalayo muigoneke, muzikankhira kutsogolo kokha. Lezala yadzimbiri imakanda. Ineyo ndinaphunzira mochedwa: nditangoyamba ntchito ndinakwecha windo la ofesi ina ndi waya wotsukira mapoto, ndipo mikwingwirima yake inkandichititsa manyazi dzuwa likawomba. Musayikenso lezala pa galasi la tinti, mbali imene tintiyo anamata, kapena mkati mwa galasi lakumbuyo la galimoto limene lili ndi timizere tochotsa nthunzi. Mukadula timizereto, sitigwiranso ntchito.

Pa chitsulo chopaka penti, ndi pa zikwangwani za pulasitiki zija zimayaka usiku, lezala ndi mpeni zikhale kutali. Khadi ija ndi zala zanu n'zokwanira. Pulasitiki musaitenthetse kwambiri chifukwa imapindika.

Guluu wotsala asakuvutitseni. Pakanipo mafuta ophikira kapena palafini pang'ono, dikirani mphindi zingapo, pukutani ndi kansalu, kenako tsukani ndi sopo. Sipiriti amagwira bwino pa galasi. Thinala amadya penti ndipo amawononga pulasitiki, choncho musiyeni kwa opaka penti. Petulo ndiye ayi ndithu. Mpweya wake wokha umayaka, ndipo mumsika mwathu mbaula sizisowa. Chilichonse chimene mwasankha, yambani mwayesa pa ngodya yobisika. Musadabwe mukaona chithunzithunzi cha malemba chitatsala pa penti. Limenelo si dothi: malo amene anaphimbika sanasuluke ndi dzuwa monga malo enawo, ndipo kukwecha sikuthandiza.

Pali zikwangwani zimene ndikupempha kuti musazikhudze n'komwe: za pamsewu, monga zochenjeza za mlatho, za ana a sukulu ndi za liwiro. Nkhope yake nayonso ndi pepala lomata lonyezimira, limene limabweza kuwala kwa nyali za galimoto. Mukapala sitika, mupala ndi pepalalo. Masana chikwangwani chidzaoneka bwinobwino, koma usiku woyendetsa galimoto kapena wa kabaza sadzachiona pamene pakandikapo. Mukaona chotere chamatidwa, uzani a Khansala kapena a komiti kuti uthenga utipeze.

Zimene mwamatula musazitenthe. Utsi wa vinyl umawawa m'maso ndi pakhosi, ndipo ndi woipa m'mapapo. Ziikeni m'thumba, zipite kudzala, kutali ndi ana ndi mbuzi.

A Wapampando, ndabwera ndi makadi akale, sopo ndi botolo la mafuta. Tikatseka msonkhano, amene ali ndi mpata atsale, tikayesere limodzi pa chikwangwani cha mjigo chili pakhomopa dzuwa lisanapendeke.