Bomba la Atomu ndi Nyumba za Wailesi

M'miyezi ya August ndi September 1958, anthu a ku Cape Town anali kumvera wailesi zawo monga mwa masiku onse, osadziwa kuti kutali panyanja, mamailosi ngati 1,100 kummwera chakumadzulo kwa mzinda wawo, asilikali a pamadzi a ku Amereka anali kuphulitsa mabomba a atomu kumwamba. Mabombawo anali atatu, ndipo anaponyedwa ndi maroketi kuchokera pa chombo chotchedwa Norton Sound. Akatswiri anafuna kuona ngati kuphulika kotere kungasokoneze mauthenga a wailesi. Chinsinsicho chinaululidwa ndi nyuzipepala ya New York Times mu March 1959.

Mabomba amenewo anali aang'ono. Choopsa chenicheni chinaoneka pa 9 July 1962, pamene bomba lalikulu linaphulitsidwa mamailosi 250 pamwamba pa chisumbu cha Johnston m'nyanja ya Pacific. Ku Hawaii, mtunda wa mamailosi ngati 900, nyale za m'misewu pafupifupi 300 zinazima, ndipo lamya za ku chisumbu cha Kauai zinaduka.

Bomba likaphulika kumwamba chotero, cheza chake chigunda mpweya ndi kuutsa mphamvu ya magetsi yofika mofulumira koposa mphezi. Munthu siimpweteka, koma waya aliyense wamtali aikoka. Tsono nyumba ya wailesi ingakhale bwanji popanda mlongoti wamtali ndi mawaya aatali? Zomwe zitumiza mawu ake kutali ndizo zilowetsa chionongeko m'nyumbamo, pa nthawi imene anthu afunitsitsa kumva kumene angathawire.

Chifukwa chake makina oulutsira mawu aikidwa m'chipinda chokutidwa ndi chitsulo ponseponse, cholumikizidwa bwino ndi nthaka. Pamene waya alowera m'chipindamo aikapo chida chopatutsira mphamvuyo pansi. Chida wamba cha mphezi pachokha sichikwanira, pakuti chichedwa. Pafunikanso injini ya magetsi yapadera ndi mafuta ake, ndi zipangizo zosinthira zosungidwa m'mabokosi achitsulo.

Chodabwitsa nchakuti makina akale a mavalavu, monga wailesi ija ya Saucepan Special imene inafika m'midzi mu 1949, apirira koposa a matiranzisita amene anawalowa m'malo. Mu 1963 Amereka, Britain ndi Soviet Union anapangana ku Moscow kuleka kuyesa mabomba mumpweya, kumwamba ndi pansi pa madzi, koma mabombawo sanawataye.