Mtsinje wa Likangala ndi Nsomba za M'nyanja ya Chilwa

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa makomiti a m'madoko pa Kachulu

Lero tikambirane za mtsinje wa Likangala.

Mtsinjewu umayambira pa phiri la Zomba. Ukatsika phirilo umadutsa mu mzinda wa Zomba, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umathira mwa iwo. Kuchoka apo umalowera kum'mawa, kudutsa m'midzi ndi m'minda mpaka pa sikimu ya mpunga ya Likangala. Kenaka umathira m'nyanja ya Chilwa chakufupi ndi doko lino. Ulendo wonsewu ndi wa makilomita pafupifupi 50.

Nyanja yathuyi ilibe potulukira madzi. Imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique. Choncho chilichonse chimene mtsinje wanyamula, kaya ndi dothi la m'minda kaya zonyansa za m'tauni, chimathera kuno. Dothilo ndilo likukwirira nyanja pang'onopang'ono.

Nanga nsomba zimapindula chiyani ndi mtsinjewu? Mvula ikayamba, matemba ndi milamba zimakwera mtsinje kukaswana. Nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje. Mu 1995 mafumu ndi anthu a m'mbali mwa mitsinje anagwirizana ndi dipatimenti yoona za nsomba kuti aziteteza maiwewo. Madzi atabwerera, nsomba zotsalazo zinaswana ndi kudzazanso nyanja. Mu 2018 mbali yaikulu ya nyanja inaumanso, ndipo ambiri mwa inu munaona mabwato atakhala pamatope.

Tsono pempho lathu nali. Tisatseke mtsinje wonse ndi miono pamene nsomba zikukwera. Tisathire katupe m'maiwe, chifukwa amapha nsomba ndi ana omwe. Tisakoke nsomba ndi masikito pamathiriro. Tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Tisiye bango ndi mitengo kuti zigwire dothi.

Inu a komiti, musadikire kuti nyanja iyambe yauma. Pitani mukakhale pansi ndi alimi a ku sikimu pamodzi ndi mafumu a kumtunda, mukagwirizane kuti m'chilimwe madzi ena azisiyidwa kuti afike kunyanja. Paja mutu umodzi susenza denga.