Eliya Pansi pa Mtengo ndi Mankhwala a mu Bowa

 

Lero tikambe za matenda ovutika maganizo, aja oti munthu sagona, sadya, saonanso chifukwa chokhalira ndi moyo. Madokotala akufunafuna mankhwala atsopano a matendawa, ndipo ena akuyang'ana mu bowa. Inde, mu bowa! Mitundu ina ya bowa ili ndi mankhwala otchedwa psilocybin, amene amasintha kaonedwe ndi kamvedwe ka munthu kwa maola angapo. Ku Johns Hopkins University ku America ndi ku Imperial College ku London akhala akuwayesa pa odwala. Mu 2021 a ku Imperial anayerekeza psilocybin ndi mankhwala akale otchedwa escitalopram pa anthu 59, ndipo pa muyeso waukulu sanapeze kusiyana kwenikweni. Kuyambira pa 1 July 2023, dziko la Australia linalola madokotala ena a maganizo kupereka psilocybin kwa odwala amene mankhwala ena alephera kuwathandiza.

Tsono mundimvetse bwino. Pa kafukufukuyu wodwala amayamba wapimidwa, ndipo amene ali ndi mbiri ya matenda a misala salowamo. Mlingo amauyeza, akatswiri amakhala naye mpaka mphamvu ya mankhwala itatha. Ndiye wina asathamangire kutchire kukazula bowa wosamudziwa ati akudzichiritsa. Bowa wina amapha! Ndiponso zimene munthu amaona atamwa mankhwala si masomphenya a Mzimu Woyera. Mzimu sagulidwa, sabwera ndi mlingo. Amen?

Koma nafenso mumpingo tileke kuuza wodwala kuti alibe chikhulupiriro. Kawerengeni 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri amene anaitanitsa moto pa phiri la Karimeli, anakhala pansi pa mtengo kupempha imfa. Mulungu sanamukalipire ayi. Anamutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, anamusiya agone, kenako anayankhula naye, namupatsanso Elisa woti aziyenda naye.

M'bale wanga, mlongo wanga, ngati maganizo odzipha akukubwererani, musakhale nawo nokha usiku uno. Uzani munthu amene mumamukhulupirira. Pitani kuchipatala chapafupi. Kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu. Mankhwala amene adokotala anakupatsani musasiye chifukwa takupemphererani. Ife tipemphera, adokotala agwire ntchito yawo, wochiritsa ndi Yehova.

Ikani dzanja pamtima, tipemphere.